Caka Coyamba ca Wophunzira Nchito ya Paramediki

M'nkhani zathu za umoyo takhala tikukamba za anthu ogwira nchito m'kati mwa cipatala. Lero titulukira kunja, kuti tikambe za munthu amene nchito yake yaikulu amaigwirira pamseu, m'makomo mwa anthu, m'minda, ndipo nthawi zina pansi pa galimoto yogubuduzika. Munthu ameneyu amachedwa paramediki. Mau anga alunjika makamaka kwa inu anyamata ndi atsikana amene mwangoyamba caka coyamba ca maphunziro awa, komanso kwa makolo amene agulitsa cimanga ndi mbuzi kuti akulipirireni sukulu, ndipo afuna kudziwa cimene mwana wao akuphunzira kweni-kweni.

Anthu ambiri akaona wina akutsika m'ambulansi amati, "Afika adalaivala." Sitingawadzudzule, pakuti kwa zaka zambiri ambulansi inalidi galimoto yonyamulira cabe. Wodwala anali kuikidwa kumbuyo pamodzi ndi mbale wake, woyendetsa n'kuliyatsa liwiro, ndipo zimene zacitika m'njira zinali kudziwika pofika. Paramediki ndiye waphunzitsidwa kuti mphindi zoyamba za pamalo a ngozi, ndi nthawi yonse ya m'njira, zisapite pacabe.

Nzeru yakuti cithandizo cilondole wobvulala inayambira kunkhondo. M'zaka za m'ma 1790, dokotala wa asilikari a ku France, Dominique Jean Larrey, anaona kuti obvulala anali kugona pabwalo kufikira nkhondo italeka, ndipo ambiri anali kufa ndi mabala amene akadacizika. Iye anakonza ngolo zopepuka zokokedwa ndi akavalo zokawatenga msanga, nalamulanso kuti woyamba kuthandizidwa akhale amene wabvulala koposa, osayang'ana udindo wake. Koma nchito monga tiidziwira lero inabadwa m'zaka za m'ma 1960. Mu 1960 akatswiri atatu a pa Johns Hopkins ku Baltimore anaonetsa kuti kukanikiza pacifuwa ndi manja kungayendetse magazi mtima utaima. Mu 1966 dokotala Frank Pantridge wa ku Belfast anayamba kutumiza ambulansi yonyamula defibrillator, makina odzidzimutsa mtima ndi magetsi. Ndipo mu 1967, mumzinda wa Pittsburgh, munayamba gulu la Freedom House, la amuna akuda ocokera kudera losauka, ambiri a iwo osowa nchito, amene dokotala Peter Safar anawaphunzitsa kusamala odwala pamseu. Iwo ali pakati pa aparamediki oyamba a ku America. Kuno kwathu bvuto lalikulu lakhala mtunda, ndico cifukwa cake patangopita nthawi yocepa titalandira ufulu mu 1964 panayamba gulu la madokotala oyenda pa ndege, Zambia Flying Doctor Service, limene likulu lake liri ku Ndola.

Tsono wophunzira watsopano amabwera ndi cilakolako ca kubaya nyeleti ndi kuliza belu la ambulansi. Amakhumudwa akaona kuti miyezi yoyamba ikutha ali pa benci, akujambula mtima ndi mapapu ndi kuloweza maina a mafupa. Ndikupemphani kuti musanyoze miyezi imeneyi. Munthu sangazindikire thupi lodwala asanadziwe thupi labwino, monga momwe mbusa sangadziwe ng'ombe yodwala ngati sanayang'anitsitse ng'ombe zamoyo zikudya.

Phunziro lonse la thupi lingamangidwe pa ulendo umodzi, ulendo wa okosijeni. Mu mpweya umene timapuma, magawo 21 pa 100 ndi okosijeni. Mpweyawo ulowa pamphuno kapena pakamwa, udutsa pakhosi, ufika m'mapapu. M'menemo okosijeni alowa m'magazi. Mtima upopa magaziwo kufikira ku ubongo, ku impso ndi kunsonga za zala. Ulendowu ukaduka pena pali ponse, ubongo uyamba kuonongeka pakapita mphindi 4 kufikira 6. Mwana wotsamwa ndi nshawa, mai wotaya magazi atabereka, nkhalamba imene mtima wake waima, mnyamata womira m'damu, onsewa matenda ao ali ndi maina osiyana, koma cowapha n'cimodzi: okosijeni sakufika kumene afunika. Funso loyamba la paramediki ndi lakuti, kodi ulendowu waduka pati?

Kuti muyankhe, pali manambala ofunika kuwadziwa monga mudziwira dzina lanu. Munthu wamkulu wopumula amapuma ka 12 kufikira ka 20 pa mphindi, ndipo mtima wake ugunda ka 60 kufikira ka 100. BP yake imakhala pafupi ndi 120 pa 80, ndipo kutentha kwa thupi pafupi ndi madigiri 37. Ana ali ndi ao manambala. Khanda losakwana miyezi 2 tinena kuti likupuma mofulumira likafika ka 60 pa mphindi. La miyezi 2 kufikira 12, ka 50. Mwana wa caka 1 kufikira zaka 5, ka 40. Manambalawa sakhazikika m'mutu mwa kungowerenga buku ai. Gwirani dzanja la mnzanu wa m'kalasi, la amai anu, la ambuya anu, la mng'ono wanu atangocoka kosewera mpira, kufikira zala zanu zidziwe kusiyana kwa mtsempha wogunda mwamphamvu ndi wogunda ngati ulusi. Powerenga kupuma musamuuze wodwala, cifukwa akadziwa amasintha kapumidwe. Gwirani dzanja lake ngati mukumvera mtsempha, maso ali pacifuwa. Ndipo werengani ndithu. Pali cizolowezi coipa colemba 20 pa pepala osawerenga, pamene kupuma kofulumira ndiko cizindikiro cimene kawiri-kawiri cimayamba kuoneka munthu akamafooka.

Pano ndiikepo cenjezo limodzi. Mabuku ambiri amene mudzawerenga analembedwa poyang'ana khungu loyera, ndipo amati wosowa magazi amatuwa, wosowa mpweya amabiriwira milomo. Pa khungu lathu zimenezi sizioneka msanga. Inu muziyang'ana m'kati mwa cikope ca m'munsi, m'zikhatho, palilime ndi m'nkhama. Ngakhale kamakina kopanira pacala koyeza okosijeni kangathe kunama: kafukufuku wofalitsidwa mu 2020 ndi madokotala a ku Michigan anaonetsa kuti kawiri-kawiri kamaonetsa nambala yokwera kuposa yeni-yeni pa anthu akuda. Kakaonetsa 95 koma wodwala akupuma mobanika, khulupirirani wodwalayo.

Tiyeni tsopano tiyerekeze. Mwaitanidwa usiku wa mwezi wa June ku mapiri a Manenekela, pamseu waukulu wopita ku Chipata, kumene minibasi yagwera m'mbali mwa mseu. Cipatala ca Mpanshya ciri kumadzulo, ca Nyimba kum'mawa, ndipo pakati pa ziwirizi pali makilomita oposa 100 a mseu wokhota-khota. Mutsika, anthu akulira, ena akukukokani malaya. Mucita ciani coyamba?

Coyamba muima ndi kuyang'ana. Izi zimamveka ngati kuuma mtima, koma paramediki wogundidwa ndi lole yotulukira pakona waonjezera obvulala ndi kucotsa wothandiza. Ambulansi iimikidwe mochinga malowo, nyali zikuthwanima, ndipo zizindikiro ziikidwe kutali mbali zonse ziwiri. Nthambi zimene oyendetsa athu amayala pamseu zithandiza, koma usiku sizioneka. Injini ya galimoto yogwayo izimidwe, ndipo pasapezeke wosuta fodya. Mukamva pfungo la petulo, cotsani anthu. Mu November 2016, ku Caphiridzange m'cigawo ca Tete ku Mozambique, anthu oposa 70 anafa pamene thanki ya mafuta inaphulika iwo ataizinga. Bvalani magolovesi musanakhudze munthu, pakuti magazi angakhale ndi HIV kapena kacirombo ka hepatitis B. Wophunzira aliyense ayenera kulandira katemera wa hepatitis B, ndipo akadzibaya ndi nyeleti yogwiritsidwa kale nchito anene pomwepo, cifukwa mankhwala oteteza ku HIV ayenera kuyambidwa msanga, maola 72 asanathe.

Kenaka muwerenga obvulala, osaiwala kuunika m'udzu, popeza ena amaponyedwa kutali. Obvulala akaculuka kuposa manja othandiza, pafunika kusankha, ndipo kusankhaku kumachedwa triage. Dziko lathu linaona kulemera kwa zimenezi mu February 2013, pamene basi yocokera ku Ndola inaombana ndi lole ku Chibombo ndipo anthu oposa 50 anataya miyoyo. Njira yosabvuta yoyambira ndiyo kupfuula kuti, "Onse amene mungathe kuyenda, bwerani kuno!" Amene aimirira angathe kuyembekeza pang'ono. Mwa otsalawo, mtima wanu udzakukokerani kwa amene akulira kwambiri. Komatu wolira mokweza akukuuzani kuti pakhosi pake mpotseguka, mapapu akugwira nchito, ndipo magazi akufika ku ubongo. Muopeni amene wangoti zii.

Pa munthu mmodzi-mmodzi pali ndondomeko imene dziko lonse limatsata, yochulidwa ndi malembo asanu oyamba a alifabeti ya Cingerezi, ABCDE, ndipo ndi imene bungwe la World Health Organization linaika m'maphunziro ake a cisamaliro ca mwadzidzidzi a mu 2018. Tanthauzo lake ndi ili: njira ya mpweya, kupuma, kuyenda kwa magazi, ubongo, ndi kuyang'ana thupi lonse. Zinaikidwa motero potsata cimene cimapha msanga. Simupita pa caciwiri musanakonze coyamba, ngakhale pfupa la mwendo litatulukira kunja ndi kukopa maso a aliyense.

Cimodzi cokha cimaloledwa kudumpha mzere: magazi otuluka mothamanga. Mtsempha waukulu wa m'nchafu ukaduka, munthu angafe m'mphindi zowerengeka. Kanikizani pabalapo mwamphamvu ndi bandeji kapena nsaru yoyera, ndipo musamatukule kuti muone ngati aleka. Akapitirira, ndipo bala liri pamkono kapena pamwendo, mangani tourniquet masentimita 5 kufikira 7 kumtunda kwa bala, osati pamfundo, ndi kumangitsa kufikira magazi ataleka. Lembani nthawi imene mwamanga. Mabuku akale anali kunena kuti muzimasula pakapita kanthawi. Ciphunzitso cimeneco cinasiyidwa, makamaka pambuyo pa zimene madokotala a asilikari anaona ku Iraq ndi ku Afghanistan, ndipo womasula tsopano ndi wa kucipatala. Popanda cipangizo ceni-ceni, citenje copinda cotambalala ndi kamtengo kopotera zingagwire nchito. Waya kapena cingwe copyapyala zimangodula mnofu. Ndipo mudziwe kuti njira iyi si ya kulumidwa ndi njoka. Kumanga mwendo wolumidwa ndi mphiri kumaonjezera kuola kwa mnofu, ndipo kutema mphini kapena kuyamwa pabala sikucotsa ululu.

Pa njira ya mpweya, yambani ndi moni: "Atate, ndine wa ambulansi, dzina lanu ndani?" Akayankha bwino, mwadziwa zambiri ndi funso limodzi. Akapanda kuyankha, cherani khutu. Munthu wokomoka wogona cagada, lilime lake limagwera kumbuyo ndi kutseka pakhosi, ndipo amaliza nkonono. Acibale amati, "Musiyeni, wagona," pamene iye akutsamwa. Mankhwala ake ndi manja cabe: kupendeketsa mutu cam'mbuyo ndi kukweza cibwano. Koma ngati wagwa kapena wagundidwa, ndipo khosi lingakhale lothyoka, mutu usapendeke. Mukankha nsagwada kutsogolo ndi zala, mutu uli cilili. Phokoso la madzi pakhosi litanthauza magazi kapena masanzi, ndipo ayenera kuyamwidwa ndi makina, kapena munthuyo atembenuzidwe cam'mbali, mutu ndi msana zikutembenukira pamodzi ngati cipika. Pa kupuma, tsegulani malaya muone ngati mbali zonse ziwiri za cifuwa zikukwera mofanana. Nthiti yothyoka ingaboole papu, mpweya n'kumadzaza m'cifuwa osatuluka, kufikira utapanikiza mtima. Kutulutsa mpweya umenewo ndi luso la zaka za kutsogolo. Nchito ya caka coyamba ndiyo kuuzindikira, kupereka okosijeni ndi kuitana wamkulu wanu msanga.

Tsopano tifike pa nkhani imene ndifuna tikhalepo pang'ono, cifukwa ndi imene imanyenga ophunzira ambiri. M'cipatala mudzamva mau akuti shock. Sakunena za kudzidzimuka kwa munthu wolandira uthenga wa maliro, koma za mkhalidwe umene magazi sakufika mokwanira ku ziwalo. Ganizani za madzi a m'tauni: pali pampu, mapaipi ndi madziwo. Madzi angaleke kufika kunyumba cifukwa atayika, monga pa kutaya magazi kapena pa kolera. Kapena cifukwa pampu yafooka, monga pa matenda a mtima. Kapena cifukwa mapaipi atanuka ndi kukula kuposa madzi amene alimo, monga pa matenda olowa m'magazi kapena thupi likakana mankhwala ena kapena ululu wa njuci.

Munthu wolemera makilogalamu 70 ali ndi magazi okwana pafupi-fupi malita 5. Akataya osapitirira mamililita 750, thupi limabisa, ndipo simungaone kanthu. Akapitirira apo, thupi liyamba kudziteteza: mtima uthamanga kuposa ka 100, mitsempha ya pakhungu ifinyika kuti magazi otsalawo apite ku ubongo ndi ku mtima, cotero manja azizira ndi kucita thukuta. Munthuyo amva ludzu, asowa mtendere, mwina akalipa. Mukafinya cikhadabo cake ndi kucileka, kufiira kwake kumacedwa kubwerera kuposa masekondi 2. Koma mukayeza BP, mupeza iri bwino! Iyo imayamba kutsika munthu atataya pafupi-fupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magazi ake, ndiko kuti lita ndi theka. BP ndi mboni yofika mocedwa pa mlandu. Wophunzira amene amayembekeza kuti itsike kuti akhulupirire kuti pali bvuto, amakhala wataya kale nthawi imene inali yake. Ana ndi anyamata amphamvu ndiwo amabisa nthawi yaitali, kenaka n'kugwa mwadzidzidzi.

Nanga magaziwo apita kuti ngati pansi palibe? Angabisale m'cifuwa, m'mimba, m'ciuno ndi m'nchafu. Pfupa limodzi la nchafu likathyoka lingataye lita kapena kuposa m'kati mwa mnofu, ndipo mafupa a ciuno angataye oposa malita 2 popanda dontho looneka kunja. N'cifukwa cake kumangirira mwendo wothyoka kuli ndi phindu loposa kucepetsa ululu, ndipo ciuno cokaikitsa cimamangidwa ndi lamba wake kapena citenje, pamalo pamene mafupa a nchafu alumikizana ndi ciuno, osati pamimba. Mnyamata wa njinga yamoto amene wagundika kumanzere kwa mimba, nati, "Ndiri bwino, thandizani ena," angakhale ndi kapamba wong'ambika. Mugonekeni, ndipo mubwerenso kwa iye.

Wotere adzakupemphani madzi, ndipo anthu ozinga adzakuonani ngati wankhanza mukakana. Fotokozani mofatsa kuti angafunike opareshoni, ndipo za m'mimba zingabwerere ndi kulowa m'mapapu pomugoneka tulo. Mufunditseni bulangeti, pansi ndi pamwamba, cifukwa magazi ozizira saundana bwino, ndipo usiku wa June pamapiri paja sucita cifundo. Mai wapakati amene mimba yakula apendekere kumanzere, kuti mwana asapsinje mtsempha waukulu wobwezera magazi ku mtima. Dripi ithandiza, koma madzi a mcere sanyamula okosijeni, ndipo akaculuka amasungunula magazi otsalawo. Pali mankhwala ochedwa tranexamic acid, amene kafukufuku wa CRASH-2 wa mu 2010, wa odwala oposa 20,000 m'maiko 40, anaonetsa kuti amacepetsa imfa za otaya magazi; phindu lake liri m'maola 3 oyamba. Komabe coletsa magazi otayikira m'mimba ndi mpeni wa dokotala. Cotero musakhalitse pamseu mukukongoletsa mabandeji. Ndipo cipatala coyenera si nthawi zonse capafupi: kusiya wotaya magazi pa kiliniki yopanda cipinda ca opareshoni ndi nkhokwe ya magazi ndiko kumuonjezera ulendo wina. Imbani foni kutsogolo kuti akonzeke.

Za ubongo tidutsa mwacangu. Muona ngati munthu ali maso, kapena ayankha mau, kapena ayankha ululu wokha, kapena sayankha konse. Pambuyo pake mudzaphunzira muyeso wa Glasgow, umene Graham Teasdale ndi Bryan Jennett anafalitsa mu 1974. Umayambira pa 3 kufikira 15, ndipo wa pa 8 kapena kutsika sangathe kuteteza pakhosi pake yekha. Aliyense wosokonezeka mutu muyezeni shuga, pakuti shuga wotsika amapha, pamene kumukweza n'kwapafupi. Ndipo pfungo la kacasu lisakutsekeni maso. Woledzera nayenso amagwa ndi kutayikira magazi m'mutu, amadwala malungo a mu ubongo, ndipo angafere pa benci anthu akuyembekeza kuti mowa umucoke. Wogwa khunyu musamuike supuni m'kamwa. Mucotseni pafupi ndi moto, mutetezeni mutu, ndipo kugwedezeka kukapitirira mphindi 5 afunika mankhwala. Khunyu sapatsirana, ngakhale mutakhudza thobvu lake.

Kuyeza kamodzi kumangokuuzani pamene munthu ali. Kuyeza kobwereza kumakuuzani kumene akupita. Wodwala kwambiri ayezedwe mphindi 5 zilizonse. Mtima wogunda ka 96, kenaka 110, kenaka 124, ukunena nkhani imene nambala imodzi singanene.

Kudzutsa mtima woima mudzakuphunzira pa zidole kufikira mikono itawawa. Munthu wosayankha ndi wosapuma bwino, mumukanikiza pakati pa cifuwa, kuya kwa masentimita 5 kufikira 6, ka 100 kufikira ka 120 pa mphindi, ndi kupereka mpweya kawiri pakatha kukanikiza ka 30, pa malo olimba, osati pa matiresi. Defibrillator ilumikizidwe ikangofika. Ndinene zoona: ambiri amene mtima wao waima kunja kwa cipatala sabwerera, ngakhale m'maiko olemera. Mudziwiretu zimenezi, kuti tsiku limene mudzacita zonse bwino koma munthu n'kupita, musadzadziyese wakupha.

Musaganizenso kuti masiku onse ndi a ngozi za pamseu. Maulendo ambiri a ambulansi m'maboma athu ndi onyamula amai obvutika pobereka ndi ana odwala kucoka ku kiliniki kupita ku cipatala cacikulu. Mai akataya magazi oposa theka la lita atabereka, pali ngozi. Kawiri-kawiri cifukwa cake ndi cibaliro cosafinyika, ndipo dzanja lotikita pamimba kufikira cibaliro citalimba, pamodzi ndi oxytocin, zimapulumutsa moyo. Khanda lobadwira m'njira lipukutidwe ndi kufunditsidwa pacifuwa ca amake. Likapanda kupuma, lithandizidwe ndi kathumba kopopera mpweya mphindi yoyamba isanathe. Ndipo amene anaona bwalo la National Heroes ku Lusaka litasanduka cipatala ca kolera mu January 2024 adziwa kuti munthu angafe ndi kutha madzi m'thupi m'maola ocepa.

Pali luso lina limene silikhala ndi mayeso ambiri koma anthu amakuweruzani nalo, ndilo kakambidwe. Mukulowa m'nyumba ya eni pa tsiku lao loipa. Odi ndi moni sizitaya nthawi. Wamkulu ndi "amai", "atate" kapena "ambuya", ngakhale ataledzera kapena atadziipitsira. Nenani cimene mufuna kucita musanacicite, ndipo pemphani cilolezo. Munthu wamkulu wa nzeru zake ali ndi ufulu wokana, ndipo inu mufotokoza kuopsa kwake ndi kulemba. Pobvula munthu kuti muone mabala, ena agwire zitenje mozinga, ndipo mukatha mufunditseni. Funsani za mankhwala amene akumwa, osaiwala a cikuda, ndipo funsani mosanyoza, apo ai adzakubisirani. Zimene mwaona ndi kumva si za kukamba pa minibasi, ndipo cithunzi ca wobvulala sicipita pa WhatsApp kapena pa Facebook. Pali mabanja amene amva za imfa ya mwana wao mwa njira yotere. Dziwaninso malire anu. Bungwe la Health Professions Council of Zambia limalembetsa anchito a zaumoyo ndi kuyang'anira macitidwe ao, ndipo wophunzira amagwira nchito pansi pa womuyang'anira. Kunena kuti, "Ici sindinaciphunzire, ndiitane akulu," si manyazi.

Dzisamaleninso. Ponyamula macila pindani maondo, msana uli woongoka, ndipo mmodzi yekha, wa kumutu, ndiye awerenga kuti onse anyamule pamodzi. Zimene mudzaona zina zidzakutsatani kunyumba ndi kukulandani tulo. Kambani ndi anzanu kapena aphunzitsi, musakazimize m'botolo.

Pofika kucipatala, namwino kapena dokotala ali ndi mphindi imodzi yokumverani, cotero mau anu akhale m'ndondomeko: wodwala ndani ndi wa zaka zingati, cinacitika n'ciani ndipo nthawi yanji, mwapeza zotani, manambala ake ayenda bwanji, ndipo mwacita ciani. Mwacitsanzo: "Mwamuna wa zaka 30, anaponyedwa kunja kwa minibasi nthawi ya 21:40. Nchafu ya kumanja yathyoka, mimba yauma kumanzere. Mtima unali 96, tsopano 124. BP 110 pa 80. Akuyankha koma wayamba kusokonezeka. Tamangirira mwendo, tapereka okosijeni ndi dripi imodzi." Zonsezi zikhalenso papepala, pakuti inu mudzacoka koma pepala lidzatsala ndi wodwala.

Nchito sinathe mpaka ambulansi itatsukidwa ndi mankhwala ophera tizirombo, nyeleti zitatayidwa m'bokosi lake, ndi zonse zimene zagwiritsidwa nchito zitabwezeredwa. Yang'anani makamaka okosijeni, ndipo citani masamu. Botolo lonyamula malita 680, mukamapereka malita 10 pa mphindi, litha pakapita mphindi 68. Ngati ulendo wocoka kumene mukatenga wodwala kufika ku cipatala ndi wa maola 2, botolo limodzi lotere lidzakutherani m'njira, ndipo laciwiri liyenera kukwezedwa musanatuluke pa geti.

Sabata yamawa, pa nthawi yonga yomwe ino, tidzakamba za kupsa ndi moto ndi madzi otentha, makamaka kwa ana m'nyengo yozizira. Tsalani bwino.